Mapepala Oyera a Dokotala Borivoje

Musanakhale pansi, ndikuponyereni kachilape. Ndani amalowa m'nyumba makumi anayi tsiku limodzi, nsapato zake osagwira matope, galu osamuuwa, mimba yake osadandaula? Mukati mphepo mwalephera, chifukwa mphepo silandira malipiro. Mukati mzukwa mwayandikira, koma mzukwa suvala tayi. Gwirani pomwepo, yankho ndikupakulirani likapsa.

Ine ndine Zorka wa ku Stara Vrba, kumunsi kwa mlatho. Sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu, chaka chomwe aphunzitsi anapeza chule m'chipewa mwawo, anthu n'kumaloza ine. Izi ndikulemba ndi mseru, ndiye zilembo zikapendama musadabwe.

Tsiku lina Lolemba, Radmila, mwana wa mchimwene wanga, analowa m'khitchini mwanga osagogoda, nkhope ili ngati chinsanza chokolopera. Mtsikana ameneyu anaphunzirira fuko lonse. Amagwira ntchito kubungwe lina la ku Belgrade lowerengera umbava. Amayenda khomo ndi khomo kufunsa anthu ngati anaberedwapo, mayankhowo n'kuwathira mu kompyuta, kompyutayo n'kulavula manambala.

"Azakhali, Lachisanu andichotsa ntchito."

"Wamenya ndani?"

"Sindinamenye munthu. Akuti ndapeka mapepala."

Ndinamukankhira mpando. Anafotokoza kuti tauni yathu anaigawana pawiri ndi mkulu wake wa pantchito, a Dokotala Borivoje. Iye anatenga kumunsi kwa mtsinje, nyumba zana limodzi ndi makumi awiri, ndipo anayenda masabata anayi. A Dokotala anatenga kumtunda, nyumba mazana awiri, n'kumaliza masiku asanu okha.

"Kwanga kuno, pa nyumba khumi zilizonse, zinayi zinaberedwapo chaka chino," anatero Radmila. "Kwa iwo, pa nyumba mazana awiri zonsezo, zitatu zokha. Ndipo buku la apolisi likugwirizana ndi iwowo. Ndiye alembera a Pulofesa, bwana wathu tonse, kuti ine ndakokomeza umbava pofuna kutchuka."

"Nanga osangobwerera kwa anthuwo n'kukawafunsa?"

"Sitilemba mayina, azakhali. Ndi lamulo, kuti munthu aziyankha momasuka. Pepala silidziwika nyumba yake."

"Kompyuta yako ikuti bwanji?"

"Ikuti mapepala awo akufanana ngati njerwa za chikombole chimodzi. Nkhalamba, mnyamata, mayi wa ana, onse mayankho amodzimodzi. Ndinawauza. Akuti kumtunda kumakhala anthu ophunzira, amaganiza mofanana. Ndinawawerengera nthawi, akuti iwo mphindi khumi pa nyumba zimawakwanira. Ali ndi zaka makumi atatu pantchito. Ine miyezi isanu ndi itatu. A Pulofesa amvera ndani?"

Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Koma ine mikhate ndaswapo yambiri pamoyo wanga, ina mwadala. Ndinavala mpango wanga wa kumaliro, uja umapangitsa anthu kundiyankha mwaulemu.

*

Ndinayambira kupolisi. Sajeni Milutin ndinamupeza akudya bureki, chitumbuwa chathu chija cha nyama, mafuta akutsetserekera kuchigongono. Buku la milandu linali pomwepo, likugwira ntchito ya mbale.

"Mayi Zorka, nkhaniyi ndi yosavuta," anatero pakamwa pali podzaza. "Chaka chino milandu ya kuba isanu ndi iwiri. Tauni yonse. Chomwe sichinalembedwe sichinachitike."

"Nanga nkhuku zanga zitatu za pa Pasaka zija?"

"Nkhandwe."

"Nkhandwe yotsegula loko n'kutsekanso?"

"Zikuchenjera masiku ano."

Ananyambita chala, n'kutembenuza tsamba, chalacho n'kuchipukutira pomwepo. Ndinayang'ana kudenga kuti mtima ubwerere m'malo mwake.

"A Dokotala aja munawaona akugwira ntchito?"

"Ndi maso angawa. M'mawa uliwonse kuwoloka mlatho, chikwama m'manja. Munthu wamakhalidwe. Anandigwira chanza n'kunena kuti ndine chitsanzo cha dziko lonse. Mwana wanuyo akapepese, mwina amukhululukira."

Anandipatsa dzanja lomwelo lamafuta kuti titsanzikane. Ndinati ndili ndi mphere.

*

Kumtunda, ukafuna kudziwa amene wadutsa, sufunsa wina koma Leposava, mayi wamasiye wa nyumba yoyamba ukangowoloka. Chimwalirireni mwamuna wake, zigongono zake zinamera mizu pazenera.

Sanandilole kufunsa ndili chilili. Kwathu kuno mlendo amayamba wakhala, alandire supuni ya slatko, jamu wathu uja wa zipatso zathunthu, atsitsire madzi ozizira, kenako kakapu ka khofi wakuda wa matope pansi. Ukakana, ndiye kuti watukwana nyumba yonse mpaka agogo ali kumanda.

"Dokotala uja? Iii, Zorka mnzanga, ndinamuona, ndinamuona bwino, Lolemba mpaka Lachisanu, eyiti koloko kukwera, faifi koloko kutsika, nsapato zili mbee ngati akupita kukafunsira, osati ngati mkamwini wa Desanka uja amayenda ngati wanyamula mbuzi m'thumba, ndiye pobwerapo nkhope ili psuu, titsitsi take titatu tija titanyowa, ine mpaka chisoni, kuti koma bambo awa akugwira ntchito mpaka thukuta!"

"Thukuta mu Novembala?"

"Anthu onenepa amatero."

"M'nyumba muno analowa?"

Apa Leposava anakwinya milomo. "Ndinatsegula botolo la matcheri lomwe ndimasungira ansembe. Ndinayala nsalu yopeta. Anangodutsa! Ndinati mwina nyumba yanga sinasankhidwe, paja akuti amadumphadumpha. Chikhalirecho ndinali ndi zomuuza. Mphika wanga wamkuwa wotchezera kachasu unapita mu Ogasiti."

Ndinatuluka mtima uli pansi. Munthu anawoloka, anakwera, anatsika. Mboni ziwiri. Koma titsitsi tonyowato tinanditsatira njira yonse.

*

Nyumba yomaliza kumtunda, pafupi ndi tchalitchi, ndi ya Stanoje woweta njuchi. Ameneyu mawu amawatulutsa ngati akuzula mano ake omwe.

"Anakufunsani mafunso a boma, a Stanoje?"

"Ayi."

"Munaberedwapo chaka chino?"

"Ming'oma isanu ndi umodzi."

"Munakanena kupolisi?"

Analavula. "Kuti Milutin andiuze kuti njuchi zinasamuka ndi nyumba zomwe?"

"Bambo wa tayi, wa chikwama, munamuonako?"

"Tsiku lililonse."

"Amalowa kwa ndani?"

"Samalowa. Amapitirira." Analoza ndi chibwano kuseri kwa tchalitchi.

Ndinayang'ana komwe analoza. Kuseri kwa tchalitchi kulibe nyumba ngakhale imodzi. Kuli manda, kuli munda wa mapulamu, ndiye kanjira kolowera m'nkhalango. Kanjira kameneko kali ndi nthambi zitatu, ndipo mawondo angawa sakanalola kuti ndiziyese zonse.

*

Lachitatu ndinauza Radmila kuti andionetse mapepalawo. Anali m'makatoni awiri m'kachipinda ka kuholo ya tauni, ndipo kiyi anali akadali naye.

"Azakhali, inu muwerenga chiyani pamenepa? Ndi timabokosi tochonga basi."

"Iwe werenga ndi maso. Ine ndiwerenga ndi mphuno."

Ndinayamba ndi katoni ya Radmila. Mayo ine! Nyansi zake! Pepala lililonse linali ndi mbiri. Apa mkombero wa kapu ya khofi, apa dontho la jamu ntchentche itafera pomwepo, apa phazi la mphaka, apa mafuta a nkhumba oonekera mpaka kuseri.

"Ili ndi la kwa Desanka," ndinatero. "Ndi iye yekha amaphika slatko wa makoko a mavwende n'kumupsereza. Ili ndi la kwa wokonza njinga. Ili linakhalidwa ndi mwana wa thewera lonyowa."

"Musatchule mayina, azakhali, ndi zachinsinsi!"

"Ndiye uwauze anthu ako asiye kudontheza. Unkayenda nyumba zingati patsiku?"

"Zisanu. Ndikalimbikira zisanu ndi imodzi. Kupitirira apo mtima unkagunda ngati ng'oma chifukwa cha khofi."

Ndinatsegula katoni ya a Dokotala. Mapepala mazana awiri, oyera ngati nsalu ya paguwa. Popanda dontho, popanda chala, popanda ngakhale nyenyeswa ya buledi. Koma onse anali opindikapindika m'mbali, ngati masamba omwe anyowa n'kuumanso. Ndinalowetsa mphuno pakati pa mulu.

Phuu! Ndinabwerera chambuyo mpaka kugunda khoma. Mazira owola!

Radmila ananunkhizanso n'kutseka pakamwa. "Chimenechi n'chiyani?"

"Chimenechi, mwana wanga, ndi nthambi ya kumanzere ya kanjira kaja."

*

Nthambi ya kumanzere imathera pakasupe wa madzi otentha, pomwe anamangapo nyumba yosambiramo odwala nyamakazi. Fungo lake la mazira owola limakulonjera usanaone denga. Amene amakolopa pamenepo ndi Stamena, mayi woti moyo unamuonetsa misana yambiri ya amuna mpaka anasiya kudabwa.

"Wa titsitsi titatu?" anatero osasiya kukolopa. "Damu lachiwiri. Masiku asanu."

"Amatani?"

"Amagona chagada m'madzi, mimba ili pamtunda ngati chilumba. Pachilumbapo amaikapo thabwa. Pathabwapo mapepala. Ndiye chongu, chongu, chongu, kwinaku akuimba. Akuti akulemba buku."

"Tsiku lonse?"

"Masana amapuma kuti awenge zikhadabo za kumapazi. M'madzi momwemo. Ena akusamba."



"Ungakanene zimenezi pamaso pa akuluakulu?"

"Ndikanene, iye n'kuti sanandionepo. Wokolopa ndi dokotala, amvera ndani?" Anafinya chikolopa. Kenako anaima. "Koma pali zina zomwe ndinavuula potsekula paipi yomwe anatseka. Ndinazisunga m'ndowa, kuti tsiku lina ndidzamukhuthulire m'chipewa."

"Usakhuthule. Ubwere nazo Lachisanu."

Pobwerera ndinkaganiza. Stamena ananena zoona. Fungo angalikane, ndowa angaikane. Munthu wotere sugwira ndi mboni. Umamugwira ndi pakamwa pake pomwe. Lachinayi lonse ndinalithera kumtunda, khomo ndi khomo, kuuza amayi nkhani imodzi yokha: kuti ku Belgrade kwalembedwa zoti nyumba zawo zinalandira mlendo wa boma, ndipo a Pulofesa akubwera kudzamva ngati anamusamala bwino. Ndinamwa makapu asanu ndi awiri tsiku limenelo, ndipo ndinabwerera kunyumba zikope zikuvina; m'nyumba zotsalazo nkhani inakafika yokha.

*

Lachisanu m'mawa, m'holo munali tebulo lalitali. Pakati panakhala a Pulofesa Jelisaveta, mayi wowonda wa magalasi, wosaseka. Makatoni awiri aja anali patsogolo pawo. Radmila anakhala kumapeto ngati mbuzi ya pamsika. Sajeni Milutin anabwera ndi buku lake lamafuta. Ine ndinalowa ngati wodzapereka madzi akumwa, n'kukhala pakona.

A Dokotala Borivoje anali atayamba kale kulankhula, chala chili m'mwamba.

"Onani nokha, a Pulofesa. Awa ndi mapepala a katswiri, aukhondo. Awa ndi a mwanayu, ngati anakulungira nsomba. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuyenda m'makomo a anthu. Nyumba makumi anayi patsiku, ine si nkhani. Achinyamata a lero ulesi, ndiye akatopa amakhala pansi pa mtengo n'kumapeka akuba."

Ndinaomba m'manja pang'onopang'ono. "Koma ndiye kuli amuna kunjaku! Pepani bwana, ine ndi mbuli, sindinapite kusukulu. Ndingofuna kudziwa, anthu akwathu kumtundako sanakuchititseni manyazi? Paja ena ndi amwano."

Anatembenuka n'kundimwetulira ngati akupatsa mwana switi. "Ayi, mayi. Anandilandira ngati bishopu."

"Nyumba zonse?"

"Zonse."

"Ndiye kuti ndi slatko yemwe, ndi khofi yemwe? Kapena munkakana poti ndinu a mutauni?"

"Kukana?" Anayang'ana a Pulofesa n'kuseka. "Ili ndi phunziro loyamba lomwe ndimaphunzitsa ana anga. Wofufuza wokana khofi wa mwini nyumba samva zoona. Ine sindinasiyepo kapu ngakhale imodzi, supuni ngakhale imodzi. Lembani zimenezo."

"Zalembedwa," anatero a Pulofesa.

"Makapu makumi anayi patsiku," ndinatero ine. "Ndi masupuni makumi anayi a jamu. Masiku asanu. Bwana, mimba yanu ndi yofunika kuiika m'nyumba yosungiramo zodabwitsa. Amayi akumtunda atamva, anati sangalole kuti mubwerere ku Belgrade osatsanzikana nanu."

Ndinatsegula chitseko.

Analowa mondondozana, aliyense thireyi m'manja, nsalu yopeta, kakapu, tambula ya madzi, kambale ka jamu. Leposava patsogolo, atavala ndolo za paukwati wake. Ndinawawerenga pakhomo ngati nkhuku zolowa m'khola. Makumi anayi ndendende. Holo yonse inadzaza fungo la khofi.

"Ntchito ya tsiku limodzi basi, bwana," ndinatero. "Mphindi khumi pa kapu, monga mwa chizolowezi chanu."

A Dokotala anayang'ana a Pulofesa kuti awapulumutse. A Pulofesa anavula wotchi n'kuiika patebulo. "Ndi kafukufuku wabwino ameneyu," anatero. "Yambani."

Kapu yoyamba anamwa akumwetulira. Yachiwiri anayamikira matcheri. Yachinayi anamasula tayi. Yachisanu ndi chimodzi inali ya mchemwali wake wa Desanka, banja lopsereza jamu lija, ndipo supuni inakakamira kumano. 

Iwo akulimbana ndi yachisanu ndi chiwiri, a Pulofesa anaimirira n'kuyang'ana amayi aja.

"Amene bambo awa analowa m'nyumba mwake, akweze dzanja."

Zii. Ngakhale chala.

"Anthu amaiwala," anatero a Dokotala. "N'zodziwika m'mabuku."

"Ine ndiiwale mlendo?" anakuwa Leposava. "Ndimakumbukira amene anandidyera jamu chaka cha chigumula, ndi supuni zingati!"

"Amene anaberedwapo chaka chino, akweze dzanja," anapitiriza a Pulofesa.

Mathireyi anatsitsidwa pansi. Manja anakwera. Wina mphika wamkuwa, wina njinga, wina nkhumba yathunthu, wina zovala pachingwe ndi chingwe chomwe. A Pulofesa anawerenga kawiri.

"Khumi ndi asanu ndi awiri mwa makumi anayi. Radmila, kumunsi unapeza zingati?"

"Zinayi pa khumi zilizonse, a Pulofesa."

"N'chimodzimodzi." Anayang'ana a Dokotala. "Inu munapeza atatu mwa mazana awiri. M'chipinda chino chokha muli khumi ndi asanu ndi awiri."

Sajeni Milutin anatseka buku lake mwakachetechete n'kulikhalira.

Pamenepo m'pamene analowa Stamena, womaliza, wopanda thireyi. Anaika ndowa patebulo, pakati pa makapu. Munali mapensulo awiri otafunidwa, mapepala a mafunso atatu ofewa ngati phala, ochongedwa theka, ndi zinthu zina zoyera zopindika zomwe sinditchula poti mwina mukudya.

"Damu lachiwiri," anatero Stamena. "Mwaiwala katundu wanu, bwana."

"Mayi ameneyu sindimudziwa!"

"Nkhope mwina ayi. Koma ine chipsera chili pathako lanu lakumanzere ndikuchidziwa. Chooneka ngati nyemba."

A Pulofesa anasolola pepala limodzi m'katoni yoyera ija, n'kulinunkhiza. Ananunkhiza ndowa. Kenako anatulutsa kansalu m'thumba n'kupukuta zala chimodzichimodzi.

"Radmila, Lolemba uyambe kumtunda. Nyumba zisanu patsiku, usapitirire. Ndipo mapepala ako uziwadetsa momwemo." Anatembenuka. "Inu a Borivoje, tikambirana ku Belgrade."

A Dokotala anaimirira kuti ayankhe. Chala chinakwera m'mwamba monga mwa masiku onse, pakamwa panatseguka. Koma chomwe chinalankhula si pakamwa. Mimba yawo inabangula ngati thirakitala yokana kulira m'nyengo yozizira, holo yonse n'kumva. Nkhope inasanduka yobiriwira. Chala chija chinatsika pang'onopang'ono n'kukagwira lamba.

"Chimbudzi chili kuti?" ananong'ona.

"Kumapeto kwa khonde, bwana," ndinatero. "Koma fulumirani, kwatsala nyumba makumi atatu ndi zitatu."

Anathamanga miyendo ili pamodzi, titsitsi titatu tija tikuuluka, Leposava ali pambuyo pawo ndi botolo lake la matcheri akukuwa kuti sanalawe a chaka chatha. Amayi anaseka mpaka makapu kugubuduzika pansi. Stanoje, yemwe anangosuzumira pazenera, anaonetsa mano ake onse anayi. Ngakhale a Pulofesa magalasi anachita nthunzi.

Ndiye kachilape kaja mwakapeza? Wolowa m'nyumba makumi anayi mimba yake osadandaula ndi amene sanalowe ngakhale imodzi. Tsiku lomwe analowadi zisanu ndi ziwiri, tauni yonse inamva dandaulo lake kudzera pachitseko cha chimbudzi.